Mphindi 15 ndi zithunzi za Giotto: ndemanga ya ulendo woperekezedwa ku tchalitchi cha Scrovegni ku Padova

Aliyense amene akufuna kuona tchalitchi cha Scrovegni mumzinda wa Padova, kumpoto kwa Italy, ayenera kudziwiratu kuti sadzaloledwa kukhala m'katimo nthawi yaitali. Malo amasungitsidwa tsikulo lisanafike, alendo amalowa m'magulu a anthu osapitirira 25, ndipo gulu lililonse limapatsidwa mphindi pafupifupi 15 kuti lione zithunzi zimene Giotto, katswiri wojambula wa ku Italy, adajambula pamakoma zaka zoposa 700 zapitazo. Chifukwa cha kuchepa kwa nthawiku, ine ndinasankha kulipira kampani ina yaing'ono yoperekeza alendo m'malo mongogula tikiti n'kukalowa ndekha, ndipo ndemangayi ikunena za zimene ndinapindula ndi zimene sizinandikhutitse pa ulendowo.

Kusungitsa malo kunali kosavuta. Ndinalipira pa intaneti, ndipo kampaniyo inandilembera kundiuza ola ndi malo okumanirana, inandichenjezanso kuti wochedwa sadikiridwa chifukwa nthawi yolowera imene yalembedwa pa tikiti sisunthika. Padova ali pafupi ndi Venice, ulendo wa pafupifupi theka la ola pa sitima yothamanga, ndipo kuchoka pa siteshoni kukafika ku tchalitchiko munthu amangoyenda wapansi. Tikiti yolowera m'tchalitchimo imaloleza mlendo kuonanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Eremitani, imene ili pamalo omwewo ndiponso ndi kumene alendo onse amayambira.

Mayi amene anatiperekeza anayamba ntchito yawo panja, m'munda wozungulira tchalitchicho, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Anatiimika pafupi ndi zotsalira za khoma lozungulira ngati dzira n'kutifotokozera kuti pamalopo padali bwalo la masewera la Aroma akale, lotchedwa arena, lomwe ndi chifukwa chake ena amachitcha tchalitchi cha Arena. Enrico Scrovegni, mmodzi wa anthu olemera kwambiri a mumzindawo, adagula malowo m'chaka cha 1300, namangapo nyumba yake yaikulu ndi tchalitchi choyandikana nayo, chomwe chidaperekedwa kwa Maria wa Chikondi ndi kudalitsidwa pa 25 Malichi 1305, tsiku limene Mpingo umakumbukira uthenga wa mngelo Gabrieli kwa Maria. Nyumba yaikuluyo idagwetsedwa mu 1827, choncho tchalitchichi lero chimaoneka ngati chidamangidwa chokha, pamene poyamba chidali mbali ya khomo la munthu wachuma. Mzinda wa Padova udachigula mu 1880.

Kunja kwake kulibe chokopa maso kwenikweni. Ndi nyumba ya njerwa, yosanyadira kanthu, yokhala ndi zenera la magawo atatu pamwamba pa khomo lalikulu ndi mazenera asanu ndi limodzi aatali ndi opyapyala kumbali ya kumwera. Mayiwo anatiuza kuti tiwerenge mazenerawo ndi kukumbukira kuti khoma la kumpoto lilibe zenera ngakhale limodzi, popeza zimenezi ndi zimene zidalamula momwe wojambula adagawira zithunzi zake. M'kati mulibe nsanamira, mulibe timakoma togawa chipinda, ndipo denga ndi lokhota ngati theka la mgolo. Chipindacho n'chotalika mamita pafupifupi 21, m'lifupi mwake mamita opitirira pang'ono 8, ndipo kuchoka pansi kufika pamwamba pa denga ndi mamita pafupifupi 13. Munthu akamva miyeso imeneyi amazindikira kuti kamangidwe kake n'kongopereka makoma osalala kwa wojambula, ndipo zokongoletsa zonse zimene m'matchalitchi ena zimasemedwa pamwala, muno zidachita kujambulidwa ndi utoto.

Chinthu chimene ndikuyamika koposa ndi chakuti mayiwo anatiphunzitsa kawerengedwe ka makomawo tisanalowe. Anali ndi pepala lalikulu losonyeza makoma anayi atayalidwa, ndipo ndi chala anatisonyeza kuti nkhani imayambira pamzere wapamwamba wa khoma la kumwera, kufupi ndi guwa, n'kumazungulira chipinda chonse kwinaku ikutsika, ngati chingwe chokulungidwa pamtengo. Mzere wapamwamba umanena za Yowakimu ndi Anna, makolo a Maria, ndi za ubwana ndi ukwati wa Maria yemwe, nkhani zomwe sizipezeka m'Baibulo koma m'zolembedwa zakale za Akhristu. Mzere wapakati uli ndi kubadwa, ubwana ndi ntchito za Yesu, ndipo wachitatu uli ndi masautso, imfa ndi kuuka kwake mpaka kufika pa Pentekoste. Pansi pa zonsezi pali chigawo chojambulidwa ngati mwala wa mabo, momwe muli zifanizo zisanu ndi ziwiri za makhalidwe abwino kumwera ndi zisanu ndi ziwiri za makhalidwe oipa kumpoto, ndipo khoma lonse la kumadzulo, pamwamba pa khomo lalikulu, ladzaza ndi Chiweruzo Chomaliza. Anatilangiza kuti aliyense asankhiretu zithunzi zitatu kapena zinayi zimene adzaimepo nthawi, zinazo adzangoziponyera maso.

Tisanalowe m'tchalitchi tinakhala kaye m'chipinda cha magalasi chimene chidamangidwa cholumikizana nacho, momwe gulu lililonse limadikira mphindi zina 15 likuonera kanema wofotokoza mbiri ya malowo. Kudikiraku kuli ndi chifukwa chomveka. Mpweya wa m'tauni, fumbi ndi chinyezi chochokera m'thupi ndi m'kupuma kwa anthu zidaononga zithunzizi kwa nthawi yaitali, motero khomo lalikulu lidatsekedwa ndipo chipindachi chimateteza kuti mpweya wa m'kati usasinthe nthawi iliyonse gulu likamalowa. Zithunzizo zidakonzedwanso mosamala m'zaka za 2001 ndi 2002. Ine sindinaone kudikirako ngati kutaya nthawi, ngakhale kuti zambiri za mu kanemayo mayiwo anali atatiuza kale ndiponso mwatsatanetsatane.

Chitseko chitatseguka, chimene chinandigwira poyamba ndi mtundu wa buluu. Denga lonse ndi labuluu lomwazika nyenyezi zagolide, ndipo buluu yemweyo amatsika kukhala thambo la pafupifupi chithunzi chilichonse, mwakuti chipinda chonse chimaoneka chomangidwa ndi mtundu umodzi. Palibe chithunzi cha m'buku kapena cha pa kompyuta chimene chinandikonzekeretsa pa zimenezi, chifukwa pa pepala munthu amaona chithunzi chimodzi pa nthawi, pamene muno amaimirira pakati pa zonse. Mayiwo analankhula mawu ochepa kwambiri m'katimo. Anangotilozera pamene nkhani ikuyambira, kenaka anatisiya, n'kumayankha motsitsa mawu amene anawafunsa. Kukhala chete kwa mtundu umenewu ndi luso, ndipo operekeza alendo ambiri alibe.

Ndinayamba ndi Yowakimu. Wathamangitsidwa m'Nyumba ya Mulungu chifukwa chosabereka, ndipo m'chithunzi chachiwiri akufika kwa abusa a nkhosa zake atawerama, atadzikulunga m'chovala chake ngati munthu wozizidwa. Kagalu kakumulumphira mokondwa, koma iye sakukaona, ndipo abusa awiri akuyang'anana okhaokha monga achitira anthu amene sakudziwa chonena kwa mkulu amene wachititsidwa manyazi. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene dzina la Giotto limatchulidwira ngati chiyambi cha nyengo yatsopano ya zojambula ku Italy. Ojambula a m'mbuyo mwake, potsata mwambo wa ku Byzantium, ufumu wakale wachikhristu wa kum'mawa, ankaonetsa oyera mtima ngati zizindikiro zosalala zoyandama pa golide, pamene anthu a Giotto ali ndi thupi lolemera, amaponda pansi, ndipo chisoni chawo chimaoneka pa msana ndi pa mapewa nkhope isanaonedwe n'komwe. Kumapeto kwa mzerewo Yowakimu ndi Anna akumana pa Chipata cha Golide cha Yerusalemu napsompsonana, nkhope zawo ziwiri zokalamba zitagundana mpaka kuoneka ngati nkhope imodzi, dzanja la Anna lili pa ndevu za mwamuna wake. Pakati pa amayi osangalala amene akutsatira Anna pali mmodzi wovala zakuda amene wabisa theka la nkhope yake n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndinayamikira kuti mayi wotiperekeza sanayese kutikakamiza tanthauzo limodzi la munthu ameneyu.

Chithunzi chachiwiri chimene ndinasankha ndi cha Yudasi akupereka Yesu, chomwe chili pakati penipeni pa mzere wachitatu wa khoma la kumwera. Kumwamba kwake kwadzaza zibonga, mikondo ndi miuni zoloza uku ndi uku, kumanzere Petro akudula khutu la wantchito wa mkulu wa ansembe, ndipo wina akuliza lipenga. Pakati pa phokoso lonseli Yudasi watambasula chovala chake chachikasu mpaka kuphimba thupi lonse la Yesu, watulutsa milomo kuti apsompsone, koma Yesu akumuyang'ana m'maso molunjika, wodekha, ndipo kampata kakang'ono ka pakati pa nkhope ziwirizo ndi kamene kagwira chithunzi chonse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinakonzera.

Potembenukira kumpoto ndinakumana ndi maliro a Yesu. Thanthwe lalitali likutsetsereka kuchokera kumanja, kumene kwaima mtengo wopanda masamba, n'kutsogolera diso pansi kumanzere, kumene Maria wafungatira mutu wa mwana wake, nkhope yake ili pafupi ndi ya mwanayo ngati akufunafuna mpweya wotsala. Yohane waponya manja ake kumbuyo, Maria wa ku Magadala wagwira mapazi obooledwa, ndipo kumwamba angelo ang'onoang'ono akudzipinda ndi kulira mosadziletsa. Chimene chinandikhudza koposa ndi anthu awiri okhala pansi amene atipatsa msana. Nkhope zawo sizioneka, ndipo chifukwa cha iwo woonera amadzipeza ali kumbuyo kwa bwalo la olira, ngati amene wafika mochedwa pa siwa n'kukhala pamene wapeza malo. Mayiwo anali atatiuza panja kuti tiyang'anenso zithunzi motsika, osati mopingasa mokha, ndipo zinalidi zoona kuti kuukitsidwa kwa Lazaro kuli pamwamba penipeni pa kuuka kwa Yesu, ndipo ubatizo wake uli pamwamba pa kupachikidwa kwake. Popanda kuuzidwa, zimenezi sindikanaziona m'mphindi 15.

Zina ndinangozidutsa mofulumira: nyenyezi ya mchira pamwamba pa khola pamene anzeru a kum'mawa akupembedza, yomwe ambiri amaigwirizanitsa ndi nyenyezi ya Halley imene idaoneka mu 1301 ndiponso chifukwa chake chombo cha mumlengalenga cha ku Ulaya chimene chidaiyandikira mu 1986 chidatchedwa Giotto, mkulu wa phwando wa mimba yaikulu amene akulawa vinyo pafupi ndi mitsuko ku Kana, anthu otseka mphuno pa manda a Lazaro. Pa khoma la ku guwa pali tizipinda tiwiri tojambulidwa, topanda munthu, tokhala ndi nyali zolendewera, ndipo timanyenga diso mpaka munthu kuganiza kuti khomalo labooledwa. Pa guwa pali chifanizo chosemedwa cha Maria ndi Mwana pakati pa angelo awiri, ntchito ya Giovanni Pisano, ndipo kumbuyo kwake kuli manda a Enrico, amene adamwalira ku Venice mu 1336.

Munthu akayandikira amaona kuti m'malo ena buluu adakhetsuka, makamaka pa zovala, n'kusiya mtundu wotuwa kapena wofiirira wa pansi pake. Izi mayiwo anazifotokoza bwino. Mitundu yambiri idapakidwa pa pulasitala wa laimu akadali wofewa, kagawo kokwanira ntchito ya tsiku limodzi, ndipo pouma utotowo umalowerera n'kukhala mbali ya khoma lenilenilo. Koma buluu wochokera ku mwala wa azurite sagwirizana ndi laimu wamuwisi, choncho ankapakidwa khoma litauma, womatidwa ndi zomatira, ndipo ndi amene amayamba kugwa zaka zikamapita. Kudziwa zimenezi kunandithandiza kuona zipsera za makomawo ngati mbali ya mbiri yake, komanso kumvetsa chifukwa chimene alendo amawerengedwera mphindi.

Tsopano ndinene chimene sichinandikhutitse. Mayiwo anathera nthawi yochuluka, tili panja, pa nkhani ya katapira. N'zoona kuti bambo a Enrico, a Reginaldo Scrovegni, adalemera pokongoza ndalama pa chiwongoladzanja, chinthu chimene Mpingo wa nthawi imeneyo unkachiona ngati tchimo lalikulu, ndipo mlakatuli wa ku Italy, Dante, adawaika ku gehena pakati pa anthu akatapira m'ndakatulo yake yotchuka. N'zoonanso kuti ndalama zimaonekera kangapo m'tchalitchimu: Yudasi akulandira thumba lake chiwanda chakuda chili kumbuyo kwake, Yesu akuthamangitsa amalonda m'Nyumba ya Mulungu, pa zifanizo za makhalidwe zija Chikondi chaponda matumba a ndalama kwinaku chikupereka mtima wake kwa Mulungu, ndipo Kaduka, yemwe njoka ikutuluka m'kamwa mwake n'kubwerera kudzamuluma m'maso, wafumbata thumba ataima pamoto. Koma mayiwo anaipereka nkhaniyi ngati yotsimikizika, kuti mwana adamanga tchalitchi pofuna kufafaniza machimo a bambo ake basi, pamene makomawo akunenanso zina. M'Chiweruzo Chomaliza Enrico wagwada kumbali ya opulumuka, wamkulu msinkhu ngati oyera mtima amene ali patsogolo pake, akupereka kachifanizo ka tchalitchi chake kwa Maria amene akumutambasulira dzanja, ndipo ameneyu saoneka ngati munthu wogwidwa ndi manyazi. Ngakhale ansembe a chipani cha Augustino Woyera a ku Eremitani, oyandikana naye, adadandaula mu Januwale 1305 kuti nyumbayo ikumangidwa modzionetsera, mopitirira kanyumba kopemphereramo banja kamene kadalolezedwa. Ine ndikuona kuti mantha a chiweruzo ndi kufuna ulemu pamaso pa mzinda zidayendera limodzi mwa munthu ameneyu, ndipo woperekeza alendo wodziwa ntchito ngati mayiwa akanatha kutipatsa mbali zonse ziwiri.

Nthawi imene inathera pa katapira inachepetsa ya zifanizo za makhalidwe, zomwe zili pa msinkhu wa maso a munthu ndipo zidajambulidwa mwa mtundu wa mwala ngati zosemedwa. Chilichonse chayang'anizana ndi mdani wake kutsidya kwa chipinda: Chilungamo ndi Kusalungama pakati, Chikhulupiriro ndi Kusakhulupirira, mpaka kumapeto kumene Chiyembekezo chikuuluka kulandira chisoti ndipo Kutaya Mtima kwadzimangirira. Mzere wa makhalidwe abwino umathera kumbali ya opulumuka, wa oipa umathera kumene mtsinje wa moto ukutsikira kwa Satana amene akumeza anthu. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wa m'zaka za m'ma 1300, potuluka pa khomo lalikulu, ankayenda pakati pa njira ziwirizo ndi Chiweruzo pamwamba pa mutu wake. Popeza lero alendo amalowera ndi kutulukira pa khomo la m'mbali, ulendo umenewo suchitikanso wokha, ndipo ndi ntchito ya woperekeza kuufotokoza. Ine ndinauzindikira mphindi zitatsala pang'ono kutha.

Gawo lomaliza la ulendo, ku tchalitchi china chapafupi cha Eremitani, linachitika mothamanga kwambiri, chifukwa kampaniyo inali italonjeza gulu lina mayi omwewo pa ola lotsatira. Ichi ndi cholakwa cha kakonzedwe ka kampani, osati cha mayiwo, koma wolipira ndi amene amaluza. Malo amenewa sayenera kuthamangidwa. Pa 11 Malichi 1944 mabomba adagwera tchalitchi chimenechi n'kuphwanya zithunzi zambiri zimene wojambula wina wotchuka, Andrea Mantegna, adajambula m'kachipinda ka Ovetari, ndipo lero tizidutswa timene tidatoledwa tidamatidwa pa zithunzi zotuwa za mmene makomawo adalili, mipata yake n'kukhala yochuluka kuposa utoto. Kuchoka pamenepo kufika pa makoma a Giotto ndi mtunda wa mphindi zochepa wapansi, ndipo munthu amene wangotuluka kumene pansi pa denga labuluu lija amafunika nthawi yoima patsogolo pa zidutswazo. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale mayiwo sanalowe nafe n'komwe, ngakhale kuti muli mtanda wathabwa umene Giotto adajambulira tchalitchi cha Scrovegni chomwecho. Ndinakauona ndekha gulu litabalalika, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asatuluke pamalopo asanauone.

Kwa amene akupita koyamba ndipo sadziwa bwino dongosolo la zithunzizi, ulendo woperekezedwa ndi woyenera mtengo wake, pokhapokha ngati woperekezayo akuphunzitsa panja n'kukhala chete m'kati, ndipo ndi bwino kufunsa kampani za zimenezi musanalipire, komanso kufunsa ngati nthawi ya ku Eremitani yawerengedwa mokwanira. Amene adawerenga kale za Giotto angachite bwino kugula tikiti okha ndi kusungitsa nthawi ziwiri, chifukwa ulendo woyamba umathera m'kudabwa. Kuyambira mu 2021 tchalitchi cha Scrovegni chili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO pamodzi ndi malo ena asanu ndi awiri a mumzindawo okhala ndi zithunzi za pakhoma za m'zaka za m'ma 1300, ndipo mwa amenewa ndingasankhe nyumba yobatiziramo ya pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Padova, yojambulidwa ndi Giusto de' Menabuoi, kuti munthu akaione tsiku lomwelo masana, akaone mmene ojambula a zaka makumi angapo pambuyo pake adatengera zimene Giotto adasiya mumzindawo.